Mphika Wodikira Mlendo pa Bua

Msewu wa m'mbali mwa nyanja wochokera ku Salima ukapitirira boma la Nkhotakota kulunjika ku Dwangwa, umawoloka mtsinje wa Bua. Mtsinjewu umachokera kutali, m'boma la Mchinji, ndipo usanathire m'nyanja ya Malawi umadutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota. Ndi mtsinje wa mpasa, nsomba yonona imene imachoka m'nyanja ndi kukwera mtsinje kukaswana. Chakumunsi kwake kuli minda ya mpunga yothirira, ndipo pamtunda anthu amalima chinangwa cha kondowole. Wapaulendo wofika pa Bua ndi njala sanganene kuti wafika kudera losowa chakudya.

Odya pa Bua ndi m'madera oyandikana nawo alipo magulu awiri. Gulu loyamba ndi la anthu a masiku onse: oyendetsa malole opita ndi kuchokera ku fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, amalonda odzagula nsomba ndi mpunga, a kabaza, ndiponso okwera maminibasi amene amatsika kwa mphindi zochepa kuti apeze chotafuna. Awa amalowa m'timalesitilanti ta m'mbali mwa msewu kapena kuima pachiwaya. Gulu lachiwiri ndi la alendo odzaona nyama. M'mbali mwa mtsinje, mkati mwa nkhalango, munamangidwa malo ogona alendo monga Bua River Lodge ndi Tongole Wilderness Lodge. Mbiri ya nkhalangoyi inamveka kutali kuyambira mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira, makamakanso mu 2016 ndi 2017, pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete.

Alendo oona nyama kulikonse amadzuka m'bandakucha kuti ayende kusanatenthe, nabwerera dzuwa litakwera. Chakudya chimene amachipeza pobwerera si kadzutsa ndiponso si nkhomaliro, koma ziwirizi zitaphatikizidwa. Pachingerezi amachitcha brunch. Dzinali linaoneka koyamba m'zolembedwa ku England mu 1895, koma amene analikonda kwambiri ndi anthu a ku America. M'mizinda monga New York muli malo odyera odula amene anatchuka ndi chakudya chimenechi, makamaka Lamulungu: mazira ofewa, nyama ya nkhumba yokazinga, zitumbuwa za tirigu zothira manyuchi, nkhuku yokazinga, ndi nyama yogaya yoika pakati pa buledi. Zambiri mwa zakudyazi eni ake amati n'zotonthoza mtima, pakuti zimawakumbutsa zimene amayi awo ankaphika. Munthu wa ku Nkhotakota sachita kufunsa kuti chakudya chotere kwawo n'chiti. Ndi kondowole wotentha ndi nsomba imene yagona m'madzi usiku womwewo.

Mitengo ya chakudya m'malo awiriwa ndi yosiyana kutalitali, mbale ndi mipando nazonso n'zosiyana. Koma woyendera zaumoyo akalowa kophikira, kaya ndi kwa mayi wa lesitilanti ya malata kaya ndi kwa khuki wovala zoyera, amapeza chinthu chimodzi chofanana: chakudya chimapsa wodya asanafike. Basi ilibe nthawi yodziwika, ndipo mlendo amene wakumana ndi njovu pamtsinje safulumira kubwerera. Tsono mphika umadikira, ndipo matenda ambiri a m'malo odyera amalowera pa kudikira kumeneku.

Maola 7 a mphika

Tizirombo toyambitsa matenda a m'mimba sitioneka ndi maso, ndipo kawirikawiri sitisintha fungo kapena kakomedwe ka chakudya. Wophika amene amanunkhiza ndiwo n'kunena kuti zikadali bwino amangodziwa kuti sizinasase. Sadziwa ngati zili zopanda matenda. Tiziromboti timaswana pa kutentha kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo timakondwa koposa pa kufunda kofanana ndi kwa thupi la munthu. Zinthu zikatiyendera bwino, kamodzi kamagawikana n'kukhala tiwiri pa mphindi 20 zilizonse. Pakutha pa ola limodzi timakhala 8. Pakutha pa maola 3 timaposa 500. Pakutha pa maola 7 timaposa 2 miliyoni.

Maola 7 amenewa ndiwo ali pakati pa 6 koloko m'mawa, pamene mphika wa nyama umaphulidwa, ndi 1 koloko masana, pamene kasitomala womaliza amalandira msuzi wa pansi pa mphikawo. Kunyanja, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 30 ngakhale pamthunzi, ndipo m'khitchini ya malata kumaposa pamenepo. Mphika wovundikira umene waikidwa pansi pambali pa mbaula suzizira ndiponso sutentha. Umangokhala wofunda, monga momwe tizirombo timafunira.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala kaamba ka chakudya choipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa awa, odwala 91 miliyoni ndi omwalira 137,000 ndi a m'chigawo cha Africa. Bungwe lomweli limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2. Chikafunika kudikira, chikhale chotentha kuposa madigiri 60, kapena chozizira pansi pa madigiri 5. Njira yapakati palibe.

Pamalo opanda furiji, ndiye kuti njira yatsala imodzi, ndiyo moto. Ndiwo zikhale pambaula ya makala ochepa, zovundikira, nthunzi ikutuluka mpaka zitathe. Eni malo odyera amadandaula kuti makala ndi nkhuni n'zodula, ndipo sanama. Komatu pali njira yosadula: kuphika pang'ono kawiri m'malo mophika zambiri kamodzi. Mphika waung'ono wa m'mawa uthe, wina ukhale pamoto cha m'ma 11 koloko. Amene amachita chonchi amapezanso kuti zotsala zamadzulo zimachepa, ndipo zotsalazo ndizo zimayesa mwini malo kuti azisakanize ndi ndiwo za mawa. Kusakaniza zadzulo ndi zalero ndi chizolowezi choipa koposa m'malo odyera aang'ono, pakuti mphika wotere sukhala watsopano tsiku lililonse.

Mpunga uli ndi nkhani yakeyake, ndipo pa Bua, pamene mpunga umalimidwa pakhomo, nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa. M'dothi mumakhala kachirombo kotchedwa Bacillus cereus, kamene kali ndi njere zolimba zosafa ngakhale mpunga uwire. Mpunga ukaphulidwa n'kumazizira pang'onopang'ono mumphika waukulu, njerezo zimadzuka, kuswana ndi kutulutsa poizoni. Poizoni ameneyu satha mphamvu ngakhale mpungawo autenthetsenso kapena kuukazinga. Wodya amayamba kusanza pakati pa ola limodzi ndi maola 6, kotero kuti wapaulendo amene wadya pa Bua angayambe kuvutika ali m'basi, asanafike ku Nkhata Bay, ndipo mwini lesitilanti sadzamva n'komwe. Matendawa anadziwika bwino ku Britain mu 1971, kwa anthu odya mpunga wokazinga umene unaphikidwa kale n'kusungidwa poyera. Anthu ambiri amakhulupirira kuti moto wachiwiri umafafaniza cholakwa chilichonse. Pa mpunga wogonera poyera, sizitero.

Chikomekome cha mkuyu

Wina angaganize kuti zonsezi ndi mavuto a osauka, ndipo kuti kumalo odula, kumene kuli furiji ndi nsalu zoyera patebulo, kulibe choopsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Furiji siipha tizirombo, imangotigoneka. Magetsi akazima usiku, kapena mabatire a mphamvu ya dzuwa akatha m'bandakucha, nyama imafunda n'kuziziranso popanda woona. N'chifukwa chake furiji ya pamalo odyera iyenera kukhala ndi choyezera kuzizira mkati mwake, ndipo wina azichiwerenga m'mawa ndi madzulo. Nyama ndi nsomba zaziwisi zikhale pansi, zophika pamwamba, kuti madzi a zaziwisi asadonthere pa zakupsa.

Chakudya cha brunch chili ndi zofooka zake. Kawirikawiri chimayalidwa patebulo lalitali kuti aliyense adzitengere, ndipo mbale yoyalidwa 10 koloko ingakhale pomwepo mpaka 1 koloko. Mazira amakondedwa ofewa, chikasu chake chikuyenderera, ndipo pali msuzi wina wothira pamwamba pake wopangidwa ndi chikasu cha mazira ndi batala, umene ophika amausunga wofunda chabe chifukwa ukatentha kwambiri umaphwanyika. Dzira lingakhale ndi kachirombo ka Salmonella pachikamba kapena mkati momwe. Munthu wamphamvu angatsegule m'mimba masiku angapo n'kuchira, koma kwa mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, nkhalamba, kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, dzira liyenera kupsa mpaka chikasu chitalimba.

Nyama yogaya ndiyo inaphunzitsa Amerika phunziro lowawa. Kumayambiriro kwa 1993, anthu oposa 700 anadwala m'zigawo 4 za kumadzulo kwa United States atadya nyama yogaya yosapsa bwino m'malo odyera a Jack in the Box, ndipo ana 4 anamwalira. Choyambitsa chinali kachirombo ka E. coli O157:H7 kochokera m'matumbo a ng'ombe. Panthuli yathunthu tizirombo timakhala kunja, kumene moto umatifika msanga. Nyama ikagayidwa, zakunja zimalowa mkati. Chotero nyama yogaya iyenera kupsa mpaka pakati, kufika madigiri 70, osatsala kufiira kulikonse. Lamulo lomweli ligwiranso ntchito pa masoseji ndi samusa za pamsewu.

Manja a wophika

M'mbiri ya zaumoyo muli wophika wina wodziwika kwambiri, Mary Mallon, amene ankaphikira mabanja olemera a ku New York. Mu 1906 banja lina limene ankaliphikira ku Oyster Bay linagwidwa ndi tayifodi, matenda amene pa nthawiyo anthu ankati ndi a m'nyumba za amphawi. George Soper, katswiri wa zaukhondo amene anafufuza nkhaniyi, anapeza kuti matendawa ankatsata mayiyu nyumba ndi nyumba, chonsecho iye mwini sankadwala. Anamutsekera kwayekha mu 1907, namumasula mu 1910 atalonjeza kuti sadzaphikiranso anthu. Mu 1915 anapezeka akuphika pa chipatala china cha amayi atasintha dzina, odwala tayifodi atabukanso pomwepo. Anakhala kwayekha mpaka imfa yake mu 1938. Anthu pafupifupi 50 anadwala kudzera mwa iye, ndipo osachepera 3 anamwalira.

Chimene Soper anachikayikira kwambiri sichinali nyama yophika, pakuti moto unkapha tizirombo. Chinali chakudya chozizira cha zipatso zodulidwa ndi manja. Pachiwaya cha m'mbali mwa msewu zinthu zili chimodzimodzi. Tchipisi chotuluka m'mafuta owira chilibe choopsa. Choopsa chili pa kabichi ndi tomato wodulidwa m'mawa, amene amatengedwa ndi zala zomwezo zolandira ndalama, n'kuikidwa pamwamba pa tchipisi chotenthacho. Supuni imodzi yotengera saladi, ndi munthu wina wapadera wolandira ndalama, zingachotse gawo lalikulu la ngoziyi.

Nkhani ya Mary Mallon ndiyo imafotokoza chifukwa chake ogwira ntchito m'malo odyera amafunika kuyezedwa kuchipatala ngakhale akumva bwino m'thupi. Tayifodi ilipo m'Malawi muno. Mu 2023 boma linayamba kupereka katemera wake kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, koma ophika ndi operekera zakudya ndi akuluakulu, ndipo chitetezo cha makasitomala awo chikadali pa sopo ndi madzi. Wantchito amene akutsegula m'mimba, kusanza, kapena ali ndi chilonda cha mafinya padzanja asagwire chakudya mpaka atachira. Apa eni malo ayenera kuganiza bwino: wantchito amene amadziwa kuti akajomba adulidwa malipiro amabisa matenda ake.

Palinso beseni losambira m'manja. Mwambo wakale wosamba m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, unali waulemu, koma womaliza amasamba litsiro la onse. Pamalo odyera madzi azichita kuthiridwa, kapena azituluka m'ndowa ya mpopi, sopo ali pomwepo. Kansalu kamodzi kopukutira aliyense n'kosafunika. Manja aume okha.

Madzi, nsomba ndi chinangwa

Kolera inafika m'Malawi koyamba mu 1973, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja akhala akuvutika nayo kawirikawiri. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unakula kuposa yonse ya m'mbuyo. Unafika m'maboma onse, Nkhotakota ali momwemo, ndipo pofika pakati pa 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Pa 5 Disembala 2022 boma linalengeza kuti mliriwu ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo mu Febuluwale 2023 linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Malo odyera a m'mbali mwa msewu waukulu ali ndi udindo wapadera pa matenda otere, pakuti amene wadya pa Bua masana angagone ku Mzuzu kapena ku Lilongwe usiku.

Madzi a mumtsinje ndi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera ngati galasi, si akumwa kapena otsukira mbale asanatetezedwe. Awiritsidwe, kapena athiridwe klorini motsata malangizo a alangizi a zaumoyo, ndipo papite mphindi 30 asanagwiritsidwe ntchito. Ngakhale madzi a pamjigo angaipe ali m'nyumba, ngati asungidwa m'ndowa yosavundikira n'kumatungidwa ndi kapu yomweyo yomwera. Madzi oundana oika m'zakumwa za alendo amangofanana ndi madzi amene anapangira. Kuzizira sikupha kachirombo ka kolera. Mbale zitsukidwe ndi sopo, zitsukuluzidwe m'madzi ena oyera, ndipo ziume padzuwa pathandala.

Za nsomba anthu a kunyanja safuna kuphunzitsidwa zambiri. Amadziwa kuti yatsopano ili ndi maso owala, mnofu wake ndi wolimba ukaudina, ndipo mamba sathothoka okha. Chimene chimaiwalika ndi thabwa ndi mpeni. Thabwa limene latumbulirapo chambo kapena mpasa lisadulirepo tomato wa saladi lisanatsukidwe ndi sopo, ndipo n'kwabwino koposa kukhala ndi matabwa awiri. Matumbo a nsomba akwiriridwe m'dzenje, pakuti ndiwo amaitana ntchentche, ndipo ntchentche imene yatera pansomba siuza munthu kumene yachokera.

Kondowole naye ali ndi lamulo lake limene agogo ankalisunga asanamve za sayansi. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chitafewa, kenaka kuchiyanika mpaka chitaumiratu, ndiko kumachotsa poizoniyo. Njala kapena changu cha malonda zikafupikitsa masiku oviika, ufa umatuluka ndi ululu wake. Ku Nampula, m'dziko la Mozambique, mu 1981, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo pa nthawi ya chilala chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino. Mwini lesitilanti wogula ufa wa kondowole pamsika ayenera kumudziwa amene anauviika.

Woyendera zaumoyo amalowera kuseri

Lamulo la zaumoyo la Public Health Act, limene linakhazikitsidwa mu 1948, limapatsa ogwira ntchito zaumoyo mphamvu yoyendera malo ogulitsa chakudya ndi kulanda chakudya chosayenera kudyedwa. Khonsolo ya boma ndiyo imapereka ziphaso za malonda, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linayamba mu 1972, limaika miyezo ya ukhondo wa malo okonzera chakudya. Lamuloli silisiyanitsa malo a alendo akunja ndi lesitilanti ya mabenchi awiri.

Woyendera wodziwa ntchito yake sayambira kumatebulo, chifukwa kumeneko aliyense amasesa. Amayambira kuseri. Amaona dzenje la zinyalala ngati likukwiriridwa, ndi kumene madzi otsukira mbale amatayidwa. Amaona chimbudzi ngati chili ndi chovundikira pabowo ndi posambira m'manja pakhomo pake, ndiponso ngati chatalikira chitsime ndi mamita osachepera 30. Kenaka amalowa kophikira, n'kuvundukula miphika, n'kufunsa funso limene ophika ambiri salikonda: kodi ndiwozi zaphulidwa nthawi yanji? Amayang'ana pansi pa matumba a ufa ngati pali ndowe za makoswe, ndiponso ngati mankhwala ophera tizilombo kapena palafini sizinasungidwe pafupi ndi mchere ndi mafuta ophikira. Amaona zikhadabo za ophika ndi zikalata zawo za kuchipatala. Kumatebulo amafika pomalizira.

Eni malo ena amamuona woyendera ngati mdani wodzatseka bizinesi. Kunena zoona, zambiri zimene amapempha sizifuna ndalama zochuluka: chivundikiro, sopo, supuni, thabwa lachiwiri, ndi mphika waung'ono. Kasitomala nayenso angathe kuyendera malo payekha asanaitanitse chakudya. Angapemphe kupita kuchimbudzi kaye. Chimene akaone kumeneko n'chimene chili kukhitchini. Angasankhe chakudya chimene chikutuluka nthunzi, n'kukana chofunda.

Amene wayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza atadya pamalo ena ayambe msanga kumwa Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati chimbudzi chikutuluka chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, kapena chili ndi magazi, kapena wodwalayo ndi mwana wamng'ono, apite kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, akumwa Thanzi panjira. Ku boma la Nkhotakota kuli chipatala chachikulu cha boma ndi chipatala cha St Anne's. Akafika auze adokotala chimene anadya, kumene anadyera ndi nthawi yake. Odwala awiri kapena atatu akatchula malo amodzi, a zaumoyo amatha kufika pamalopo tsiku lomwelo, kutenga zotsala mumphika ndi madzi a m'ndowa kuti akaziyeze, ndi kuimitsa kugulitsa basi yotsatira isanaime.